Penti wa nyumba mu Mzuzu: yambani mwafunsa khoma

Mukadzayenda wapansi m'makwalala a ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa mwezi wa Meyi, mvula itayamba kutsanzika, mudzayang'ane makoma a nyumba cha m'munsi, kuyambira pansi kulekeza m'bondo. Nyumba zina penti wake watupa matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Zina patuluka ufa woyera ngati mchere, umene ukausesa lero mawa wabweranso. Zina khoma lonse la mbali imodzi labiriwira ndi ndere, pamene mbali inayo lili bwinobwino. Mukamufunsa mwini nyumba, yankho ndi lodziwika kale: "Anandigulitsa penti wachinyengo."

Nthawi zina amakhala akunena zoona, poti penti wothiridwa madzi n'kutsekedwanso m'chitini aliko ndithu. Koma kawirikawiri penti amangosenzetsedwa mlandu wa ena. Wolakwa amakhala madzi amene ali m'khomamo, phuma la mwini nyumba, ndi chizolowezi chathu chofika m'hadiweya n'kuyamba ndi funso limene linayenera kukhala lomaliza: "Muli ndi mitundu yanji?"

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndinamanga kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri cha ku Luwinga. Pulasitala anatha kumapeto kwa Malichi, ndipo wodzalowamo anali atapereka kale ndalama ya miyezi 3, akufuna makiyi pakati pa Epulo. Patangotha masiku 10 ndinaitana anyamata awiri, n'kugula penti wa mafuta wotuwa wa m'munsi ndi penti wa madzi, PVA, wa kirimu wa kumtunda, tinapaka. Nyumba inawala mpaka odutsa ankaima n'kumafunsa ngati pali chipinda china. Pofika Julayi m'munsi monse munali matuza okhaokha.

Ndinakatenga amisiri achikulire amene anapenta tchalitchi chathu, ine ndili ndi ukali, chitini chopanda kanthu chili m'manja kuti aone dzina la penti wondipusitsayo. Chitinicho sanachiyang'ane n'komwe. Anagwada pakhoma, n'kubaya thuza limodzi ndi msomali, n'kutikita timadzi totulukato pakati pa zala ziwiri, kenaka n'kundiuza kuti nanenso ndikhudze. Tinali toterera.

"Bwana, apa mwapanga sopo," anatero. "Khoma ili munalipenta lisanaleke kutuluka thukuta."

"Sopo bwanji, madala?"

"Sopo weniweni. Funsani amayi amene amaphika sopo pakhomo akuuzeni chimene amasakaniza."

Ndinayesa nthabwala za achikulire, koma ankanena zenizeni. Wophika sopo amasakaniza mafuta, madzi ndi soda woyabwa uja. Simenti watsopano ali ndi ukali wofanana ndi wa sodayo, n'chifukwa chake manja a omanga amang'aluka. Pa muyeso wa ukali wotere, wotchedwa pH, umene umathera pa 14, pulasitala wongotha kumene amakhala cha pa 12 kapena 13. Penti wa mafuta ndiye amabweretsa mafutawo, madzi ali kale m'khoma. Zitatuzi zikakumana kuseri kwa penti, chomatira chake chimasanduka sopo, ndipo sopo sagwira khoma. Ndalama zanga zinathera pamenepo.

M'chitini cha penti muli zinthu zitatu zikuluzikulu. Muli ufa wopereka mtundu, muli chomatira chimene chimagwirizitsa ufawo kukhoma, ndiye muli chosungunulira, madzi kapena thina, chimene ntchito yake ndi kungonyamula ziwiri zinazo kenaka n'kuuluka. Chimene chimatsala pakhoma ndi ufa ndi chomatira basi. Penti wotchipa kwambiri amatchipa chifukwa chomatira muli pang'ono, malo ake anadzazamo ufa wonga choko. Tsiku lopaka simungasiyanitse, onse amaoneka oyera mbuu. Mudzasiyanitsa pakatha chaka, podutsitsa chikhatho pakhoma: chikabwera choyera ngati cha mphunzitsi wochokera pa bolodi, dziwani kuti munagula choko wambiri. Yesani zimenezi pa khoma lanu lakale musanagule kalikonse, chifukwa penti watsopano akapakidwa pamwamba pa ufa wotere amagwira ufawo m'malo mwa khoma, ndipo amadzagwa nawo limodzi.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi dzina loti PVA. Ife penti aliyense wa madzi timamutchula PVA, ndipo wogulitsa akamva choncho amangoloza ndowa imene ili pafupi. Koma penti wa madzi sali m'gulu limodzi. Alipo wa m'kati, amene amangoyenera siling'i ndi zipinda zogona, ndipo madzi akamugunda kawirikawiri amafewa. Aliponso wa acrylic, amene chomatira chake sichiopa mvula, sichiopa kwambiri ukali wa simenti, ndipo chimatha kutanuka pang'ono khoma likamatupa ndi kunyala chifukwa cha kutentha ndi kuzizira. Khoma la kunja mu Mzuzu likufuna wachiwiriyu. Werengani pa ndowa, palembedwe kuti ndi wa kunja. Mawu a wogulitsa oti "uyu ndi wa paliponse" asakukwanireni. Pena iyenso anangouzidwa.

Ubwino wina wa penti wa madzi, umene kwa ife ndi waukulu kuposa onse, ndi woti amalola khoma kupuma. Madontho a mvula sawalola kulowa, koma chinyezi chimene chili m'kati chimatulukabe pang'onopang'ono ngati nthunzi. Penti wa mafuta amatseka ngati pulasitiki. Pa chitsulo ndi pa thabwa zimenezo n'zabwino. Pa khoma lonyowa ndiye kutsekera madzi m'nyumba, ndipo madzi otsekeredwa amadzipezera okha khomo, kaya potupitsa penti, kaya potulukira m'chipinda kuseri kwa kabati ya zovala.

Munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Salima akhoza kudabwa kuti chinyezi tikuchikokera chonchi bwanji. Mzuzu uli pamwamba, mamita oposa 1,200, pa mapiri a Viphya, ndipo nyanja ili kumunsi ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50 okha. Mphepo ya mwera ikanyamula chinyezi cha panyanja n'kukwera chitunda chimenecho, imazizira n'kutula katundu wake pa ife. N'chifukwa chake anzathu a m'chigawo chapakati akamaanika chimanga mu Epulo, kuno imakhala ikugwabe, ndipo ikatha yeniyeni pamatsala ya mawawa ndi nkhungu ya m'mawa mpaka Juni ndi Julayi. Miyezi yomweyi dzuwa limayenda chakumpoto. Ndiye taonani chimene chimachitikira khoma loyang'ana kumwera: mphepo yonyowa imaligunda, dzuwa sililifika. Limatha sabata zingapo lisanaumepo bwino. Ndere zimamera pamenepo. Mukaona nyumba yobiriwira mbali imodzi, imani muone kumene dzuwa lili, mudzapeza kuti nthawi zambiri ndi mbali ya kumwera kapena kum'mawa chakumwera, kapena imene ili pansi pa mtengo.

Kwa ine, ngati ndalama sizikukwanira penti wabwino nyumba yonse, khoma limeneli ndi limene liyenera kudya ndalama zambiri. Koma ife timachita zosiyana: wabwino timapaka kumaso, kumene alendo amaona, kuseri n'kupakako zotsala.

Ndere ndi chuku ndi zamoyo, choncho kuzipaka penti pamwamba ndi kuzifunditsa bulangeti chabe. Zimafunika kuphedwa kaye. Sungunulani Jik, kapu imodzi pa makapu 3 kapena 4 a madzi, pakani pakhoma, dikirani kanthawi, kwechani ndi bulashi yolimba, tsukani ndi madzi oyera, ndiye mulisiye liume masiku angapo. Valani magolovesi, tetezani maso, ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, makamaka a m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha.

Pali madzi amtundu wina amene penti aliyense, ngakhale wodula chotani, sangawathe: okwera kuchokera pansi. Njerwa imamwa madzi ngati chingwe cha nyali ya koloboyi chimakokera palafini. Omanga odziwa ntchito amayala pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko kuti adule njira imeneyi. Nyumba zambiri za m'makomboni zinamangidwa popanda pulasitikiyo, kapena anamuyala koma pulasitala anadzalumikiza pansi ndi pamwamba, madzi n'kumadutsa mwa iye. Chizindikiro chake ndi mzere wonga wa mkodzo pa mphasa, wosapitirira kwenikweni mita imodzi kuchokera pansi, ndi ufa woyera uja. Ufawo ndi mchere wa m'njerwa ndi m'dothi umene madzi amausiya akamauma. Kumadera a m'madambo, monga mbali zina za Salisbury Lines ndi Chibavi, vutoli n'lofala. Ku Masasa ndi malo ena otsetsereka limabwera mwanjira ina: khoma la kumtunda limakhala lotsamira dothi, madzi onse a m'chitunda n'kumaima pamenepo. Mankhwala ake ndi khasu ndi simenti. Kumbani ngalande, chotsani dothi lokhudza khoma, wakani kakhonde kotsetserekera kunja kuzungulira nyumba, ikani magata olandira madzi a padenga. Mukathamangira penti musanachite izi, mwapanga chikomekome cha mkuyu.

Khoma latsopano limafuna kudikira. Nthawi imene amisiri ndi opanga penti amanena ndi masiku 28, ndipo kuno nyengo ya mvula kapena yozizira imatha kupitirira. Amisiri achikulire aja anandiphunzitsa kayezedwe kosafuna makina. Dulani pulasitiki woonekera m'kati, wokula ngati nsalu ya pamutu, mummate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, agone usiku umodzi kapena uwiri. Mukapeza timadontho kuseri kwake, kapena pulasitala wada pamalopo, khomalo likadali ndi madzi. Likauma, choyamba kupaka ndi pulayima wa pulasitala, amene anapangidwa kuti apirire ukali wa simenti ndi kutseka timabowo kuti khoma lisamwe penti. Ambiri amamudumpha poyesa kupulumutsa ndalama, m'malo mwake amasungunula PVA ndi madzi ambiri n'kumati ndiye pulayima. M'chipinda chouma zimatheka, sindikana. Kunja, kapena pamene padzapite penti wa mafuta, musayerekeze. Ndipo pulayima si andakoti, ngakhale ena amatchula mosinthanitsa. Pulayima amagwira khoma kapena thabwa kapena chitsulo. Andakoti amabwera pamwamba pake kudzasalaza ndi kuphimba kuti gulosi, penti wa mafuta wonyezimira uja, akhale bwino.

Nanga nyumba ya zidina, kapena yomata ndi dothi? Pamenepa agogo athu sanalakwitse ndi laimu. Laimu amapuma kuposa penti aliyense wa m'sitolo, chuku sichimukonda, ndipo ndi wotchipa moti kubwereza chaka ndi chaka sikupweteka. Vuto lake amadetsa zovala ukatsamira, komanso tsiku limene mudzafune kusintha kupita ku penti wa m'ndowa, laimu yense ayenera kupalidwa ndi bulashi ya waya, chifukwa palibe chimagwira pamwamba pake.

Nthawi yabwino yopenta kunja mu Mzuzu ndi kuyambira Ogasiti kufika kumayambiriro kwa Novembala, makoma atauma ndi dzuwa, mvula isanayambe. Anthu ambiri amapenta mu Disembala pokonzekera Khirisimasi ndi alendo, ndiye mvula ya masana imatsuka ntchito ya m'mawa. Juni ndi Julayi amanyenga: mvula yeniyeni kulibe, koma m'mawa kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo penti wa madzi pa kuzizira kotere sagwirana bwino. Ngati mwakakamizika kupenta miyezi imeneyi, dikirani mame aume, yambani cha m'ma 10 koloko, lekezani cha m'ma 3 kuti penti apeze nthawi youma chisanu cha madzulo chisanagwe. Mu Okutobala ndi zosiyana: khoma lotentha ndi dzuwa limaumitsa penti pamwamba m'kati asanagwire, ndiye mmisiri wanzeru amayenda ndi mthunzi, m'mawa kumadzulo kwa nyumba, masana kum'mawa. Penti wa madzi nthawi zambiri amafuna maola 2 mpaka 4 musanabwereze koti ina, wa mafuta amafuna kugona, maola 16 mpaka 24. Manambala amenewa anawerengedwera nyengo yofunda. Kuno kukazizira onjezerani.

M'kati mwa nyumba nkhani imapepukako. Penti wosawala amabisa mabampu a pulasitala, n'chifukwa chake amayenera siling'i ndi makoma osasalala, koma akada satsukika. Wowala pang'ono, amene pa ndowa amalembedwa silk kapena sheen, amapukutika ndi kansalu konyowa, ndipo ndi amene ndingamusankhe pa balaza ndi m'kanjira ka m'nyumba ya ana, kumene zala za phala ndi makala olembera sizisowa. Kukhitchini ndi kubafa kumafuna wotsukika ndithu. Koma apanso penti yekha sathetsa chuku chakuda cha m'makona. Mwezi wa Julayi timatseka mazenera onse, timalowetsa mbaula, timaanika zovala m'chipinda poti kunja sizikuuma, m'mawa n'kupeza magalasi akuchucha. Madzi amene mukuwaona pa galasi alinso pakhoma, kungoti sakuoneka. Tsegulani mazenera masana, kabati muisunthe pang'ono isagundane ndi khoma la kunja, ndipo timabowo ta mpweya tija pamwamba pa zenera musatitseke ndi nyuzipepala. Za mbaula m'chipinda chotseka ndi nkhani ina yoopsa kuposa penti, imapha anthu ali m'tulo. Khoma la mwaye litsukidwe kaye ndi sopo, ndipo banga la madzi a denga lodontha pa siling'i limatulukiranso pa penti wa madzi ngakhale mutapaka kasanu. Pamafunika kukonza dengalo, kenaka kutseka bangalo ndi andakoti wa mafuta.

Matabwa athu ambiri ndi a paini a ku Chikangawa, ndipo kawirikawiri amafika pa msika asanaume. Thabwa laliwisi likapentedwa limauma m'kati, limanyala, penti n'kung'aluka. Mfundo za paini zimatulutsa utomoni umene umaboola penti woyera n'kusiya mawanga achikasu, choncho zimafuna kutsekedwa paokha musanapake pulayima wa matabwa. Chitseko chipentedwe mbali zonse zisanu ndi imodzi. Pansi pake ndi pamwamba pake, pamene maso safika, ndi pamene chimamwera madzi, ndipo n'chifukwa chake zitseko zambiri mu Mzuzu zimakana kutsekeka mu Febuluwale n'kudzamasuka mu Seputembala. Vanishi amakongoletsa thabwa m'nyumba, koma kunja pa dzuwa sakhalitsa, amafuna kubwerezedwa pafupipafupi. Chiswe chokha sichiopa penti, chimafuna mankhwala ake.

Apa ndipatuke pang'ono, poti ambiri okhala mumzinda uno sadziwa kuti unabadwa chifukwa cha penti. Mzuzu unayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake zimafinyidwa mafuta ouma okha akakumana ndi mpweya. Mafuta amenewo ankapita kunja kukapangira penti ndi vanishi. Ulimiwo sunapite patali, koma nyumba, misewu ndi anthu anatsala, mpaka malowo anadzalengezedwa kukhala mzinda mu 1985. Ndiye mukamatsegula chitini cha vanishi ku Katoto kapena ku Chiputula, mukununkhiza mbiri ya kwanu.

Zitsulo, monga mabagalabazi, mafelemu a mazenera ndi geti, zimachoka kwa owotcherera zitapakidwa kofiira kaja, red oxide. Ameneyo ndi pulayima chabe, ndipo nthawi zambiri amakhala wothiridwa thina wambiri kuti chitini chimodzi chikwanire mageti atatu. Mukamusiya yekha nyengo imodzi ya mvula ya kuno, dzimbiri limayamba pa mfundo zowotcherera. Kwechani dzimbiri lonse ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pakaninso pulayima, ndiye andakoti ndi gulosi. Malata ndi osiyana. Atsopano amakhala ndi zinki ndi timafuta ta ku fakitale, ndipo gulosi wamba akapakidwa mwachindunji amasendeka ngati khungu la njoka, chifukwa zinki nayenso amachita naye zonga za sopo zija. Amafuna kutsukidwa bwino ndi kupakidwa pulayima wa malata, kenaka penti wa denga. Ngati mumatunga madzi a padenga, onetsetsani kuti penti wakeyo ndi wololedwa kutero.

Zimenezi zikutifikitsa pa nkhani imene m'hadiweya simudzaimva: mtovu, umene pa Chingerezi amati lead. Kwa zaka zambiri opanga penti wa mafuta padziko lonse ankathiramo mtovu kuti mitundu iwale ndi kuti aume msanga, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa olenji. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo umene ungatchedwe wabwino. Mwana saoneka wodwala, amangovutika kusukulu, makolo n'kumati ndi waulesi. Malire amene mayiko akulimbikitsidwa kutsatira ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 pa magawo 1 miliyoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi muno n'kupeza kuti zitini zambiri zinapitirira malirewo, ndipo kuchokera pamenepo Malawi Bureau of Standards (MBS) inayamba kutsata nkhaniyi kwa opanga penti. Pogula, funani chizindikiro cha MBS ndi mawu oti mulibe mtovu. Koma choopsa kwambiri chili kale m'nyumba zathu: gulosi wakale wa pa zitseko, mazenera ndi m'munsi mwa makoma, pamene ana amakwawa ndi kuluma. Mukamakwecha penti wotereyu ndi sandipepa wouma, fumbi lake limadzaza nyumba yonse. Nyowetsani pokwechapo, yalani pulasitiki pansi, ana ndi amayi oyembekezera achoke mpaka mutakolopa, ndipo musamuwotche ndi moto kuti amatuke.

Kuwerengera kuchuluka kwa penti si kovuta monga amisiri ena amakuonetsera. Titenge chipinda cha mamita 4 mulitali, 3 mulifupi, khoma lokwera mamita 2.7. Kuzungulira ndi mamita 14, kuchulukitsa ndi 2.7 tikupeza masikweya mita pafupifupi 38. Tichotsepo chitseko ndi zenera, atsale 34. Makoti awiri ndi 68. Ngati ndowa yalembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 8, chipindacho chikufuna malita 8 ndi theka. Pulasitala wokhakhala, kapena wowaza uja wa pa mipanda, amamwa kwambiri kuposa pamenepa, ndiye onjezerani. Nambala imeneyi ndi imenenso imaulula penti wotchipa. Ndowa ya malita 20 ya theka la mtengo, imene ikufuna makoti anayi kuti khoma lisaonekere, ndipo ifunika kubwerezedwa msanga pamodzi ndi malipiro a mmisiri, siinakupulumutsireni tambala.

Mmisiri mugwirizane naye malipiro a ntchito, penti mukagule nokha, kapena mupite naye limodzi. Sindikuti onse ndi osakhulupirika. Koma mukampatsa ndalama yonse pamodzi, lita iliyonse imene sanagule imasanduka phindu lake, ndipo mpopi uli pafupi. Madzi othira mu penti ali ndi malire ake olembedwa pa ndowa, kawirikawiri pang'ono chabe pa koti yoyamba. Mgwirizano unenenso za kupala, kutsuka ndi kumata ming'alu, poti imeneyo ndiyo ntchito yochuluka ndipo ndi imene imadumphidwa mwini nyumba akapita kuntchito. Mmisiri wofika tsiku loyamba ndi rola m'manja, wopanda chopalira, mumukayikire. Pa sitolo onani ngati chivindikiro sichinatsegulidwepo, nyamulani ndowa ziwiri zofanana mumve ngati zikulemera chimodzimodzi, ndipo tengani lisiti. Penti wonunkha ngati mazira owola, kapena wa mibulu yosasungunuka mukatakasa, ndi wowonongeka, mubwezeni. Ngati mtundu wanu ndi wochita kusakaniza, gulani wokwanira nthawi imodzi, n'kuphatikiza ndowa zonse musanayambe, chifukwa wogula mawa safanana ndendende ndi wa lero ndipo mzere wake umaonekera pakati pa khoma.

Tsopano mukhoza kufunsa za mitundu. Kapepala ka m'sitolo kamanama pang'ono: mtundu umene ukuoneka wofatsa pa kabokosi kakang'ono umakuwa ukadzaza khoma lonse. Gulani lita imodzi, pakani kachigawo pakhoma lenileni, mukaone m'mawa kuli nkhungu, masana, ndi usiku pa getsi. Zipinda za kuno zimachita mdima miyezi ya mitambo, choncho mitundu yowala m'kati imathandiza. Kunja, ofiira owala, achikasu owala ndi obiriwira owala amasuluka msanga ndi dzuwa. Onani magolosale amene anapentedwa ndi makampani otsatsa malonda mmene amaonekera pakatha zaka zochepa. Mitundu ya dothi, monga kirimu, khofi ndi wofiirira wa njerwa, imakhalitsa chifukwa ufa wake umachokera ku dzimbiri la chitsulo, limene dzuwa silingalisinthenso. Denga lakuda limakoka kutentha, chinthu chimene munthu wa ku Karonga angachithawe, koma wa ku Kaning'ina mwezi wa Julayi sangadandaule nacho.

Pa kanyumba kanga kaja, amisiri achikulire anayamba ndi kupala gulosi yense wa m'munsi mpaka pulasitala anaonekera. Anandikumbitsa ngalande kuseri, n'kuwaka kakhonde. Kenaka anasowa miyezi iwiri, foni osayankha bwino, wa lendi akundifunsa tsiku ndi tsiku chifukwa chake nyumba ikuoneka ngati ya mphere. Anatulukira mu Seputembala ndi kapulasitiki kawo ndi tepi. Atakhutira kuti khoma lauma, anapaka pulayima, ndipo tsiku lokagula penti wa m'munsi ndinawauza kuti ndikufuna wotuwa yemwe uja, poti ankagwirizana ndi mafelemu.

"Walira mvula walira matope, bwana," anatero. "Madontho a padenga akamenya pansi, chimene chimadumphira pakhoma ndi chiyani?"

Anawerama n'kutapa dothi lofiira la pabwalo, n'kulikulunga m'kapepala ka shuga, n'kuika m'thumba la malaya. Titafika m'sitolo analitambasula pa kauntala pambali pa kapepala ka mitundu, mnyamata wogulitsa akuseka, n'kuyendetsa chala mpaka pa mtundu wofanana nalo.

"Mwana wanga, tipatse acrylic wa kunja wa mtundu uwu, malita 5."